Zolemba za ntchito: Lee-Enfield No. 4 ndi zipolopolo zakale zokana kulira

Poyambira

Mfuti yanga ndi Lee-Enfield No. 4 Mk I yowombera zipolopolo za muyezo wa .303 British, imodzi mwa zimene zinapangidwa mwaunyinji pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Zipolopolo ndi zotsala kwa asilikali, za mtundu wa Mk VII, ndipo zili m'mabokosi awiri ochokera m'mafakitale osiyana, a zaka zosiyananso. Ndi zipolopolo zatsopano za masiku ano mfutiyi imalira bwinobwino. Ikalowa chipolopolo chakale, zimachitika zitatu. Nthawi zina pamangomveka kuti tcha, kenako zii, koma ukachigogodanso kachiwiri chimalira. Nthawi zina pamamveka tcha, kampata pang'ono, kenako phuu. Ndipo pali zina zimene sizilira ngakhale uzigogode motani.

Anthu ambiri akaona zotere amathamangira kunena kuti zipolopolo zakalamba, ena amati mfuti yatha. Onse atha kukhala olondola nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba sitepe iliyonse. Cholinga ndi kulekanitsa mlandu wa mfuti ndi mlandu wa zipolopolo, osasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Lamulo la pabwalo

Ndisanamasule kalikonse ndaika lamulo loti ndizitsatira pa ntchito yonseyi. Chipolopolo chikakana, tsaya limakhalabe pomwe linali, mfuti imalozabe kumene ndimawombera, dzanja silikhudza chigwiriro cha bolt, chitsulo chimene chimalowetsa chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo kwake. Malangizo a m'mabwalo ambiri owomberapo amati munthu adikire masekondi osachepera 30. Ine ndi zipolopolo zakalezi ndimadikira mphindi yathunthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: primer, kachitsulo kozungulira kamene kali kumatako kwa chipolopolo ndipo kamayatsa wonga kakagogodedwa, ikhoza kukhala kuti yayamba kunyeka pang'onopang'ono mkati. Mukatsegula bolt moto uli m'njira, khoko la chipolopolocho limaphulikira panja, pafupi ndi dzanja ndi nkhope, popanda chitsulo cholitchinga.

Nthawi ikatha ndimatsegula bolt nkhope nditaitembenuzira kumbali, magalasi oteteza maso ali m'maso. Ndipo kulira kulikonse kofooka, kapena kugunda kwa paphewa kochepa kuposa masiku onse, kumaimitsa zonse: bolt imachoka, ndimasuzumira mumpope kuchokera kumbuyo mpaka ndione kuwala. Mutu wa chipolopolo ukhoza kutsakamira pakati pa mpope ngati primer yayaka koma wonga sunagwire moto mokwanira, ndipo chotsatira chake chikaupeza mommo mpope umatupa kapena kung'ambika.

Makoko onse, olira ndi okana, ndikuwasunga m'matumba awiri malinga ndi bokosi lomwe anachokera, ndipo lililonse ndikulilemba ndi cholembera chosafufutika: L lolira msanga, C lochedwa, K lokana.

Kuwerenga matako a makoko

Apa ndi pamene ndakhalitsa, chifukwa khoko limanena zambiri kuposa mfuti. Ndawaika pansi pa nyali ndi galasi lokulitsa zinthu.

Choyamba kudziwa: kadzenje ka pa primer ya khoko lolira sitingakayerekeze mwachindunji ndi ka pa chipolopolo chokana. Wonga ukayaka, mphamvu yake imakankhira khoko kumbuyo, primer n'kudzikulunga pansonga ya pini, kachitsulo kosongoka kamene kamagogoda primer, ndiye kadzenjeko kamaoneka kakuya, kam'mbali mwakuthwa. Chipolopolo chokana sichinalandire kukankha kumeneko, choncho kadzenje kake kamaoneka kosaya nthawi zonse, ngakhale pini itagogoda bwino. Zoyenera kuyerekeza ndi zokana ndi zokana zinzake.

Nditatero, kusiyana kunaonekeratu. Zokana za m'bokosi loyamba zili ndi kachizindikiro kosaya, kofwatika ngati pomwe chala chadina pa sopo wouma, ndipo zinzake zokana za m'bokosilo pafupifupi zonse zinalira pogogoda kachiwiri. Zokana za m'bokosi lachiwiri zili ndi timaenje tozama ndithu, tozungulira bwino, pakatikati penipeni, komabe zinakhala chete kapena zinachedwa. Mmene ndikuonera, bokosi loyamba likuuza za mfuti yomwe ikugogoda mofooka, pomwe lachiwiri likuuza za mankhwala a mu primer amene akufa. Ichi ndi chongoganizira kufikira mfuti itayesedwa.

Zipolopolo zonsezi ndi za primer ya mtundu wa Berdan. Hiram Berdan anali wa ku America, Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain, ndipo njira zawo ziwiri ndi za m'ma 1860. Koma asilikali a ku Britain ndi a ku Ulaya anakonda njira ya Berdan, pomwe America inakhazikika pa ya Boxer. Kusiyana kwake kukukhudza vuto lathu. Mu Boxer kachitsulo komwe mankhwala amaphwanyikirapo kali mkati mwa primer momwemo, ndipo moto umadutsa pa bowo limodzi lapakati. Mu Berdan kachitsuloko ndi kamsonga kotumphuka pa khoko lenilenilo, ndipo moto umadutsa kawirikawiri pa timabowo tiwiri ting'onoting'ono m'mbali mwake. Mukaunika m'khoko lopanda kanthu mumationa. Primer ikakhala kuti sinakhale bwino pa kamsongako, kugogoda koyamba kumangoikankhira pamalo pake, kwachiwiri n'kumene kumayatsa.

Komanso ma primer a asilikali amapangidwa ndi chikho cholimba dala. Chipolopolo chomwecho cha Mk VII chinkalowa mu mfuti ya msilikali mmodzi komanso mu mfuti zachiwaya za Bren ndi Vickers, mmene chimakankhidwa mwamphamvu ndi mwaliwiro. Chikho chofewa chingayake pa nthawi yolakwika. Ndiye mfuti imene imaliza zipolopolo zatsopano za primer yofewerapo popanda vuto ikhoza kukhala kuti ndi yofooka kale, kungoti palibe chimene chinaiyesa.

Mkati mwa bolt

Ndinayamba ndi zosafuna kumasula. Pa Lee-Enfield pini imakokedwa pamene mukukankha bolt kutsogolo potseka, mosiyana ndi mfuti ina, Mauser 98, imene imakoka pini potsegula. Chigwiriro cha bolt chikapanda kutsika mpaka pansi, mphamvu ina ya sipuling'i yokankha pini imathera kumalizitsa kutsekako, pini n'kufika pa primer itatopa, kapena mfuti imakakamira pakati osagogoda n'komwe. Ndinaonetsetsa kuti chigwiriro chikutsika mpaka kugunda chitsulo, ndipo palibe thabwa kapena litsiro lochitchinga. Chotsekera chitetezo chili kumanzere nachonso ndinachiyang'ana: chikakhala cholobodoka n'kubwerera pang'ono m'mbuyo, chimakhula kachitsulo ka kumbuyo kwa bolt kamene kamanyamula pini, n'kuchepetsa liwiro lake. Apa zonse zinali bwino.

Kenako kumasula. Mutu wa bolt umapotoka n'kuchoka ndi dzanja. Pini imachokera kutsogolo: mumachotsa kaye kasikuluwu kotseka kumbuyo, kenako mumalowetsa chida chake cha mano awiri chimene chimagwira mphete ya pini, n'kupotokola. Chida chimenechi n'chofunika kukhala nacho. Pulayala imasiya zipsera pa pini ndipo ikhoza kuipinda. Sipuling'i imakankha pamene ulusi ukuthera, choncho chikhatho chimakhala chitatchinga, ndipo bolt siloza kumaso.

Zimene zinatuluka mkatimo zinali girisi wosungira zida, wakuda bii, wouma m'malo ena mpaka kumanyenyeka ndi chikhadabo, wonanda m'malo ena. Anadzaza mipata ya sipuling'i ndipo anaundana kumbuyo kwa mutu wa bolt, pomwe mphete ya pini imakaima. Girisi ameneyu anagwira ntchito yake, chifukwa mkatimo mulibe dzimbiri ngakhale pang'ono. Koma pini yoyenda m'phala lotere sithamanga, ndipo kukazizira zimaipiraipira. Primer imafuna kumenyedwa mwadzidzidzi. Kukankha kwamphamvu koma kochedwa kumangopinda chikho osayatsa mankhwala.

Zonse ndinaziviika m'palafini, mkati mwa bolt ndinapitamo ndi kaburashi kakang'ono mpaka nsanza inatuluka yoyera, kabowo ka pini pa mutu wa bolt ndinakatokosa ndi kamtengo. Pobwezera ndapaka mafuta opepuka pang'ono chabe, ongokwanira kuti chitsulo chinyezimire. Nsonga ya pini ndi yozungulira bwino, yosabenthuka, ndipo nditaigubuduza pa galasi sinaonetse kupindika.

Sipuling'i yakale nditaigoneka pambali pa yatsopano ya muyezo wa asilikali, yakaleyo inali yofupikirapo moonekeratu. Sindinaisinthe nthawi yomweyo. Ndikufuna kudziwa kuti girisi yekha anali ndi gawo lotani.

Mageji

Miyezo iwiri ndi imene imauza ngati pini ikufika pomwe iyenera kufika. Woyamba ndi kutalika kwa nsonga imene imatulukira pankhope ya bolt. Pa Lee-Enfield malire ake ndi kuyambira mainchi 0.040 mpaka 0.050, kapena kuti pakati pa milimita 1.02 ndi 1.27. Mfuti iliyonse ili ndi malire akeake. Mfuti ya Mosin-Nagant mwachitsanzo imafuna 0.075 mpaka 0.095, ndipo n'chifukwa chake chida chake chomasulira chili ndi timipata toyezera. Kutenga nambala ya mfuti ina n'kuigwiritsa pa ina ndi njira yoboolera primer. Yangayi ili mkati mwa malire, chakumunsi.

Wachiwiri ndi headspace, mpata umene uli pakati pa nkhope ya bolt yotsekedwa ndi pomwe chipolopolo chimatsamira. Chipolopolo cha .303 chili ndi mkombero kumatako, ndipo mkomberowo ndi umene umachiimitsa kuti chisalowe kwambiri. Muyezo wa asilikali a ku Britain unali wakuti bolt itseke pa geji (kachitsulo koyezera mpatawo) ya mainchi 0.064 ndipo isatseke pa ya 0.074. Mpata ukakula, chipolopolo chimathawira kutsogolo pini ikachikhudza, ndipo nkhonya imathera m'malere. Chipolopolo cha mkombero wopyapyala chimawonjezera vutolo. Ndinayeza bolt ili yoyera, geji ndikuilowetsa pansi pa chikhadabo chokokera khoko, chigwiriro ndikuchitsitsa ndi zala ziwiri zokha, popanda kukakamiza. Pa 0.064 inatseka. Pa 0.074 chigwiriro chinaima chisanafike pansi. Mfuti ili bwino pamenepa.

Omwe anapanga No. 4 anaganiza mwanzeru pa nkhani imeneyi: mitu ya bolt inabwera ya manambala 0, 1, 2 ndi 3, uliwonse wotalikirapo pang'ono, kuti mmisiri wa zida athe kuchepetsa mpata popanda kukhudza mpope. Koma nambala yodindidwayo si lonjezo. Mitu iwiri ya nambala imodzi ikhoza kusiyana, ndiye umayezedwa ndithu. Ndipo popeza mphete ya pini imaima kumbuyo kwa mutuwo, kusintha mutu kumasinthanso kutulukira kwa pini. Ndalemba izi kuti aliyense wotsatira zolembazi asagule mutu wa nambala yokwera pongoyerekeza. Wanga ukhala momwemo.

Kubwerera ku bwalo, sipuling'i yakale ikadalimo

Ndinayamba ndi zipolopolo zatsopano kuti nditsimikize kuti kumanga kwanga kuli bwino. Zinalira zonse, ma primer osabooka, osatumphuka. Kumveka kwa pini kwasintha: kale kunali kobuntha, tsopano n'kwakuthwa.

Bokosi loyamba: kukana kwachepa kwambiri koma sikunathe. Zochepa zimene zinakana zinali ndi timaenje tozamirapo kuposa kale, ndipo zinalira kachiwiri. Pa Lee-Enfield kugogoda kachiwiri kumatheka popanda kutsegula bolt, pongokoka kachitsulo kakumbuyo, koma ndimachita zimenezi mphindi yodikira ija itatha, mfuti ili cholozabe kutsogolo. Bokosi lachiwiri: palibe chasintha. Nditamva kuchedwa kwa tcha ndi phuu kachiwiri, ndinatseka bokosilo tsikulo.

Sipuling'i yatsopano

Ndaika ya muyezo wa asilikali, osati yolimbitsidwa. Nditamanga ndinayezanso kutulukira kwa pini, ndipo kasikuluwu kakumbuyo kanakhala pamalo pake. Potseka bolt pakufunika mphamvu yochulukirapo pang'ono pa inchi yomaliza, monga ziyenera kukhalira pa mfuti yokoka pini potseka.

Bokosi loyamba lalira lonse lomwe ndinatenga, palibe kukana, palibe kuchedwa. Mlandu wake unali wa mfuti: girisi gawo lalikulu, sipuling'i gawo lotsala. Zipolopolo zimenezi n'zabwino ndipo zikugwera pamodzi pa pepala lowomberapo.

Bokosi lachiwiri

Apa ndi pomwe mtima umafuna kunyengerera. Pali sipuling'i zolimba kuposa muyezo, pini ingatalikitsidwe, ndipo mwina zina mwa zokanazi zikanayamba kulira. Sindichita zimenezo. Pini yotalika imaboola primer, mpweya wotentha n'kubwerera kudzera m'bolt kulunjika ku diso. Sipuling'i yolimba mopitirira imalemetsa bolt ndi trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndipo imadya zitsulo zimene zakhala zaka zoposa 70. Ndipo ngakhale zitatheka, kuchedwa kulira sikuchiritsidwa ndi nkhonya yaikulu. Kumachokera mkati mwa primer. Kusokoneza mfuti yabwino kuti igwirizane ndi zipolopolo zodwala ndi kuika diso langa pachiswe chifukwa cha bokosi limodzi.

Ndinatenga zingapo kwa mmisiri wa mfuti kuti azule mitu tione mkati. Mk VII inalowa ntchito mu 1910, mutu wake ndi wolemera magireni 174 (gireni ndi muyezo wa kulemera kwa zipolopolo), ndipo yambiri inkadzazidwa ndi cordite, wonga wooneka ngati timizere tatitali tofiirira tomangidwa mtolo, tokhala ndi kapepala kolimba pamwamba pake. Zimene zili ndi chilembo Z pambali pa VII kapena 7 kumatako ndi za wonga wa nitrocellulose wa timibulu. Zathuzi zinali za cordite, ndipo timizereto tinali tosalala, tosanyowa, topanda fungo la asidi. Mkati mwa khoko munalibe chobiriwira. Wonga uli moyo. Yafa ndi primer.

Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe zimadziwika za ma primer a nthawi imeneyo. Ambiri a ku Britain ndi a mafakitale otsatira njira yake anali ndi mankhwala a mercury fulminate pamodzi ndi potassium chlorate. Mercury fulminate imawonongeka ndi zaka, makamaka ikasungidwa motentha ndi monyowa. Chipolopolo chimene chinakhala m'chitini chomata, m'nyumba yozizira, chikhoza kulira bwino patapita zaka makumi ambiri, pomwe chinzake cha chaka chomwecho chimene chinaphikidwa m'nkhokwe yotentha chimakhala chitatha. Chaka chodindidwa kumatako sichiuza kumene bokosi linagona. Chimene chimandiuza ndi khalidwe la bokosi lonse: kuchedwa kukaoneka pa zingapo, zotsalazo zinadutsa m'kutentha komweko.

Poyang'anitsitsa ndinapezanso ming'alu yopyapyala ngati tsitsi pa makosi a makoko ena a m'bokosi lomweli, asanawombedwe n'komwe. Mkuwa umene unapanikizidwa popanga n'kusiyidwa wosafewetsedwa ndi moto umang'aluka wokha ukakumana ndi amoniya ndi chinyezi. Asilikali a ku Britain anakumana nalo vutoli ku India, kumene zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nthawi ya mvula zinkang'aluka chifukwa cha amoniya wa mumkodzo wa ziwetozo. Khosi long'aluka siligwira mutu mwamphamvu, ndipo limalowetsa chinyezi. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chopumitsira bokosili.

Lalembedwa ndi zilembo zofiira kuti lisawombedwe, ndipo lili padera ndi zipolopolo zina. Zokana zonse zimene zinagogodedwa zaperekedwa kwa oyang'anira bwalo, amene ali ndi njira yake yozitayira. Siziponyedwa pamoto, sizikwiriridwa, ndipo primer imene yagogodedwa osalira sitokosedwa ndi msomali, chifukwa kufa kwake n'kosadalirika.

Mchere

Zipolopolo za m'bokosi loyamba, ngakhale zikulira bwino, zimasiya ntchito ina. Potassium chlorate ikayaka imasanduka potassium chloride, mchere umene umamwazika mumpope monse n'kumakoka chinyezi cha mumpweya. Nyengo yachinyezi dzimbiri limaoneka m'mawa mwake. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Chimene chimauchotsa ndi madzi. Asilikali a ku Britain ankathira madzi owira mumpope ndi fanulo yake, ndipo njirayo ikugwirabe. Ndimathira madzi otentha kuchokera kumbuyo mfuti itazondoka, chitsulo chimatentha n'kudziumitsa chokha, kenako nsanza youma, kenako mankhwala otsukira mpope, pomaliza mafuta. Nkhope ya bolt, kabowo ka pini ndi nsonga yake zimapukutidwanso ndi nsanza yonyowa, chifukwa mpweya wothawira m'mbali mwa primer umasiya mchere pamenepo. Mphete ya timaenje ta dzimbiri imene imaoneka pankhope ya ma bolt akale ambiri inabwera motero. Dzimbiri likalowa m'kabowo ka pini, kugogoda kofooka kumene tangochotsa kumabwereranso. Mawa lake ndimasuzumiranso mumpope.

Chipolopolo chilichonse chotsala kwa asilikali chimene sindikudziwa bwino mbiri yake ndimachitenga ngati chosiya mchere. Kutsuka ndi madzi pomwe sipanafunike sikuwononga kanthu.

Pomwe ntchito ili

Bolt ndi yoyera, sipuling'i ndi yatsopano ya muyezo, pini ndi headspace zili mkati mwa malire ndipo manambala ake ndawalemba pa khadi lomwe likhala ndi mfutiyi. Sipuling'i yakale ndaisunga m'kathumba kolembedwa. Bokosi loyamba likugwiritsidwa ntchito, lachiwiri lapumitsidwa.

Chotsala ndi kuyesa bokosi loyamba m'mawa wozizira kwambiri, mfuti itagona pozizira usiku wonse, kuti ndione ngati mafuta omwe ndapaka m'bolt sakulemera. Ndikufunanso kuyeza makulidwe a mikombero ya zotsala za m'bokosilo n'kupatula zopyapyala kwambiri, ndione ngati makoko ake akutambasuka pafupi ndi matako kuposa anzawo. Kawaya kopindika nsonga kolowetsa m'khoko kamagwira pa kamzere ngati mkuwa wayamba kupyapyala mkati, ndipo makoko a L onse ali m'thumba kudikira kuyesedwa kumeneko.